Nyali ya vaneti ya a Raimundo

Lusaka,
16 Ogasiti 1957

Okondedwa alongo anga a Emelina,

Moni wochuluka kwa inu nonse. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga amai, miyendo ija yaphwa chibwerere kuchipatala ku Katondwe, kapena ayambanso kuzembera kudimba dzuwa lili pamutu? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya mwezi uno yandipatsa kachifuwa. Lusaka ndi fumbi lokhalokha tsopano. Malaya ndikachapa m'mawa, pofika madzulo afiira ali pachingwe pomwepo.

Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi masau. Ndinagawirako aphunzitsi anzanga. Mmodzi wa ku Mongu anachita tsinya ndi kuwawasa kwake, koma m'mawa mwake anabwera kudzafunsa ngati atsalako.

Tsopano funso lanu lija. Munalemba kuti a Margarida, akazi awo a Raimundo, atakumana ndi amai kudooko anagwada, kuwaombera m'manja ndi kuwafunsa mwaulemu za miyendo, ndipo amai anabwerera kunyumba osatunga madzi. Munafunsa ngati ndikudziwapo kanthu. Ndikudziwa, ndipo zinayambira kwa ine. Chibadwire changa sindinamvepo a Margarida akupatsa amai moni wina koma wowafunsa kuti afa liti, popeza khasu lokumbira manda likuchita dzimbiri. Umo ndi mmene asabwira athu akhalira nafe kuyambira nthawi ya makolo: amatitukwana ndi kutilanda nkhuku tili moyo, tikafa amatisambitsa ndi kutiika. Anthu otero akayamba kutigwadira, ndiye kuti china chaduka. Amai anaona bwino. Ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti ndinagula kagalimoto kakale kwa mzungu amene tinkaphunzitsa naye asanabwerere kwawo. Pondipatsa makiyi anandilangiza kuti ndikadzagundana ndi munthu ndisadzapepese, ndisadzavomere kanthu, ndisadzakangane. Anati ndidzangouza wapolisi zimene zachitika, kenako ndikauze kampani ya inshuwalansi, imene imalipira zowonongeka. Mawu amenewa ndinawasunga monga ndimasungira zonse zimene ndauzidwa m'Chingerezi, osawafunsa ngati amakwana paliponse.

Loweruka lina mu Juni ndinalakalaka pende wouma, ndiye ndinapita kumsika kumene amatsitsa nsomba zochokera kwathu. Kuyendetsa chakutsogolo ndayamba kuzolowera, koma kubwerera m'mbuyo kumandivutabe. Ndinaona kampata pakati pa lole ya makala ndi vaneti ina, kalole kakang'ono konyamula katundu, n'kuyamba kulowa chafutambuyo. Ndinangomva kuti khoo. Nditatsika ndinapeza kuti vanetiyo ndi ya a Raimundo, ndipo galasi la nyali yakutsogolo lasweka. Kagalimoto kanga kanangokalika pang'ono.

A Raimundo anatulukira kuseri kwa madengu. Atandiona anaponya chipewa pansi, kugwira mutu ndi manja onse awiri, n'kuyamba kulira maliro. Anati ine mwana wa Simão ndawaphera mkazi wawo wamkulu, mkazi amene sanapemphepo chitenje, amene ankangomwa petulo n'kukhala chete. Anaitana amai ogulitsa nsomba kuti adzaone mabala. Chitseko chomanga ndi waya chija anati ndine. Mng'alu wa pagalasi lakutsogolo, umene ngakhale inu mukuudziwa, anati ndine. Mpando wotuluka zitsulo ndine. Ngakhale tayala losalala anati ndalimeta ine. Anamaliza ndi kunena kuti atenga kagalimoto kanga kakalowe m'malo mwa malemuwo, pamodzi ndi jekete imene ndinavala. Amai aja ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Polemba pano ndikuona kuti ngakhale mwana wa kwathu akanadziwa chochita. Ndikanawayankha kuti vanetiyo inafa kalekale ndipo akhala akuyendetsa mtembo, kenako n'kuwagulira tiyi ndi galasi la nyali, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine ndinangoona khamu la anthu, ena mwa iwo makolo a ana amene ndimaphunzitsa. A Raimundo ndinali ndisanaonane nawo zaka zambiri. Pa maliro a atate kunalibe ine, ndinali kuyunivesite ku Fort Hare, ndipo uthenga unandipeza atasesa kale. Ndinangomva kwa inu kuti a Raimundo anavala chikhoti cha atate ndi kutsanzira kayendedwe kawo ndi kachifuwa kawo kaja mpaka amai anaseka misozi ili m'maso. Zimenezi ndinkazidziwa ndi mutu. Tsiku lija pamsika mutu unathawa, panatsala mantha okha.

Phokoso linakoka wapolisi. Anafunsa ngati pali mlandu, ndipo a Raimundo, akali kuseka ndi maso, anati ulipo waukulu, wakupha. Wapolisi anatembenukira kwa ine, ndipo ataona tayi anandifunsa m'Chingerezi. Ndinamuyankha m'Chingerezi momwemo. Ndinati ine ndaswa nyali yokha, zina zonsezi ndi zakale, ndipo bambo awa akufuna kundilipiritsa zimene sindinachite. Sindinaname. Koma wapolisi uja anayamba kuzungulira vaneti, kutsata njira yomwe a Raimundo anali atangomuonetsa. Anakoka waya wa pachitseko, anasisita tayala, analowa n'kuponda mabuleki. Potsika ananena kuti galimoto imeneyi isayendenso pamsewu mpaka itakonzedwa ndi kupimidwa.

A Raimundo anatola chipewa chawo, kuchikutumula fumbi, kuchivala bwinobwino. Ndiye anandithokoza. Ananditcha aphunzitsi. Amai ogulitsa nsomba anabwerera kumadengu awo mmodzimmodzi osandiyang'ana.

Ndikanalekera pamenepo. Koma Lolemba ndinapita kukampani kuja, poganiza kuti ikalipira nyali ndiye kuti ndawathandiza. Anatumiza mzungu wovala kabudula, amene anakanda mabala a vaneti ndi kampeni n'kupeza dzimbiri. Pambuyo pake analembera a Raimundo kuti adzalipira nyali yokha, ndiponso kuti kufuna malipiro pa zinthu zimene zinawonongeka kale ndi mlandu. Popeza iwo sawerenga Chingerezi, anawawerengera ndi munthu wina pamsika, anthu akumva.

Apa ndi pamene nthabwala inasanduka mkangano weniweni. Za chitseko, mpando ndi tayala anazisiya. Anagwira chimodzi: kubendeka kwa madigadi, chitsulo chophimba tayala, m'munsi mwa nyali yomwe ija. Anati pochoka kwathu ku Feira pamenepo panali bwino. A kampani anati ndi pakale. Ine, alongo anga, sindikudziwa. Ndapita kukapayang'ana kangapo, ndapakhudza ndi chala. Tsiku lina ndimakumbukira kuti ndinamva kulira kumodzi, tsiku lina ndimakumbukira kuwiri. Aphunzitsi anzanga akuti lamulo lili kumbali yanga, ndikhale chete. Za lamulolo akunena zoona. Koma vaneti inaima nyengo yonse yozizira, pamene msewu uli wouma ndipo nsomba zikugulidwa. Nsomba za anthu a kwathu zinakhala zikudikira pa Boma la Feira. A Raimundo anatsakamira kwa mbale wawo ku Matero. Ndipo vaneti yomweyo ndi imene inanyamula amai kupita nawo ku Katondwe miyendo itatupa.

Ndinapita ku Matero kukawaona. Anandipatsa mpando, wokhawo umene unali m'nyumbamo, iwo n'kukhala pachitini. Anaitanitsa tiyi m'kapu yokhala ndi sosala. Anafunsa za umoyo wanga ndi wa ana a sukulu. Nditapepesa anati palibe cholakwa, anthu ophunzira amadziwa malamulo. Anandiperekeza mpaka pamsewu monga amachitira ndi mlendo. Potsazikana ananena motsitsa mawu kuti ndi chinthu chabwino kuti ndili ndi kampani yondiimirira pa mavuto, ndipo sakukayika kuti tsiku la amai likadzafika, kampaniyo idzatumiza mzungu wa kabudula uja kudzawasambitsa ndi kukumba. Ndime iyi musawawerengere amai, ngakhale ndikuganiza kuti anaimva kale kudooko kuja popanda wowauza.

Mawu amenewa andikhala pamtima. Ife sitingaike wathu tokha, mukudziwa. Ansembe adzabwera kudzapemphera, koma sadzagwira khasu, sadzasambitsa thupi, ndipo sadzaseketsa ana amasiye. Amai sanapemphepo kanthu kwa ine chiyambire ntchito. Chimene anali nacho chotsimikizika chinali chakuti pa tsiku lawo adzagwidwa ndi manja omwe anagwira atate. Ine ndawalanda chimenecho pofuna kuimika galimoto kuti ndigule pende.

Ndinabwerera kukampani kukanena kuti za madigadi ndikuvomera. Anandiuza kuti kuvomera si kwanga, nkhaniyo anaitseka. Ndiye ndinapita kwa a Valentino, bambo wa ku Zumbo amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango ku Matero komweko. Ndinawapempha akonze zonse zimene wapolisi ananena, za mtengo wake ndiona ine. Kawailesi kanga ndagulitsa, sindikukasowa kwenikweni. Loweruka lililonse ndakhala ndikupita kukawagwirira zitsulo. Amati sipanala ndimaigwira ngati choko, ndipo ndikagona pansi pa galimoto ndimaoneka ngati ndikupempha chikhululukiro kwa iyo. Mwina sakulakwa.

Nsomba zimene a Raimundo anatsala nazo ndinawanyamulira pa kagalimoto kanga kupita ku Chilenje ndi ku Kabwata. Mpaka lero kamanunkha, ndipo amphaka a pasukulu asankha kugona pamwamba pake. M'maulendo onsewo a Raimundo ankakhala pambali panga atawongoka, chipewa pamaondo, akuthokoza pa ngodya iliyonse. Sindinadziwe kuti zikomo angapweteke chotero. Ndinkalakwitsa magiya, galimoto n'kudumpha ngati chule, ndikuyembekeza kuti mwina anena kanthu. Ankangoyang'ana kutsogolo.

Zonse zitatha, a Valentino anatenga nyundo kuti awongole madigadi. A Raimundo anawagwira mkono. Anati pamenepo apasiye, ndi pakale, akampani anatero. Choncho vaneti yapimidwa dzana ndipo yaloledwa kuyenda, chitseko chikutsekeka, mabuleki akugwira, nyali ikuwala, koma kubendeka kuja kulipobe. Ndikakuona ndimadziwa kuti mlandu wanga sunathe.

Mawa m'mawa a Raimundo akunyamuka kubwera kumeneko, ndipo kalata iyi ndiwapatsa iwo, popeza ya positi imachedwa. Pempho langa ndi limodzi. Mufunse amai, kapena amalume, chimene nyumba yathu imapereka ikalakwira asabwira. Ndili ndi manyazi kuti ndinaphunzira malamulo a Aroma akale koma ili sindilidziwa. Ngati ndi mbuzi, tengani yakuda ija imene amai amati ndi yanga. Mupite nawo amai kwa a Margarida, musatume munthu. Ngati pafunika kuti ndibwere ndekha, ndidzapempha masiku kusukulu. Ndilekeze apa kaye, ndimaliza mawa ndikadzuka.

Loweruka.

Mizere iyi ndikulembera pamsika, pepala nditaika pa boneti. Mukhululuke malembedwe.

Ndinafika vaneti ikupakira. Malo oimika analipo amodzi okha, pafupi ndi iyo yomwe. Amai ogulitsa nsomba atandizindikira anayamba kuitanana kuti adzaonerere. Ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo, ndipo ndinaima patali kwambiri moti ngolo ikanadutsa pakati pathu. A Raimundo anali ataima manja atapinda pachifuwa.

Njira yonse kuchokera kusukulu ndinali ndikuyeseza mawu. Nditatsika ndinawanena m'Chikunda chathu, mokweza monga ndikanathera. Ndinati mpata umenewu ndausiya dala kuopa kuti mtembo wawo ungapatsire kagalimoto kanga matenda. Ndinati popeza mkazi wawo wakufayo ndamusambitsa ndi kumuveka ine miyezi yonseyi, tsopano andipatse nkhuku yanga, ndipo ntchito yawo ndaiona kuti si yovuta, amangoikuza kuti azidya za eni. Zinatuluka ngati ndikuwerenga m'buku. Ndinaganiza kuti ndawonjezera moto.

A Raimundo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatembenukira kwa amai aja n'kuwafunsa ngati anamvapo chitukwano chopanda mchere chotere. Anati atate akanatukwana bwino kuposa apa ali m'manda momwemo. Anati tinatumiza mwana kutali, tinagulitsa mbuzi, ndipo atibwezera chinthu chosatha kubwerera m'mbuyo, chosatha kutukwana, chongodziwa kuitana apolisi. Sananditchenso aphunzitsi. Ananditcha kamzukwa ka Simão kovala tayi.

Ndiye anandiuza kuti ndivule nsapato. Anati ndizo malipiro a madigadi, ndipo ngati ndikukana ndikaitane mzungu wanga wa kabudula adzazikande ndi kampeni. Ndinavula. Anaziyesa pomwepo, nati zikuwathina, koma azisunga kuti adzavale tsiku lokumbira amai. Anati ndilembe m'kalatamu kuti nkhalamba imeneyo ikuwachedwetsa, ifulumire mvula isanagwe, chifukwa dothi lonyowa limawapweteka msana. Ndalemba monga ananenera. Ndime iyi amai muwawerengere yonse. Amai ogulitsa nsomba anaimba nthungululu, ndipo mmodzi wandipatsa pende waulere, akuti wa munthu wopanda nsapato.

Kubendeka kuja akuti sadzakuwongola. Azikuonetsa kwa aliyense kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka pa Boma, kuti anthu aone zimene amaphunzitsa ku yunivesite. Ngati kuli kwanga kapena ndi kwakale, sindikudziwabe, ndipo ndaona kuti iwonso sakufuna kuti ndidziwe.

Pempho langa lija likhale momwemo, amai afunsidwe ndithu, popeza a Margarida sanaone za lerozi ndipo nawonso tinawalakwira. Kungoti a Raimundo akafika pakhomo, mbuzi yakuda musaibise kuseri kwa nkhokwe monga mumachitira. Akaifuna atenge. Ndipo mudzandilembere mawu amene a Margarida adzanene kwa amai akadzakumananso kudooko, monga adzatulukire m'kamwa mwawo, osawatsuka.

Ndiyenera kusiya, akuliza hutala ndipo akuti ndikulemba buku. Pansi pakuzizira kumapazi, ndipo sindikudziwa ngati mabuleki amapondeka ndi sokosi.

Mundiperekere moni kwa amai, muwauze kuti asamapite kudimba dzuwa likakwera. Moni kwa alamu a Lovewell, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a Antónia, ndi kwa ana onse, makamaka Jenny amene munati wayamba kuwerenga. A Margarida musawapatse moni wanga. Mungowauza kuti khasu lawo lija alipake mafuta n'kulipachika, mwini wake wa manda sakufulumira.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yoram